Kompyuta Yomatidwa Guluu

Yara anafika pa tebulo langa la nsalu dzuwa lili paliwombo, utuchi uli m'tsitsi, maso ali gwa. Mwana wanga sachoka pantchito masana. Ine ndinali pakati pokangana ndi munthu wofuna veleveti pa mtengo wa chiguduli, ndiye munthuyo ndinamusiya kukamwa kuli yasa.

"Wadwala?"

"Ayi, mhamha."

"Uli ndi pakati?"

"Mhamha!"

"Nanga lankhula, sukuona ndili pa malonda?"

"A Zakaria akuti ndine wakuba. Akuti mawa akukandisiya kupolisi."

Ku kompulekisi ya mipando ya ku Glen View kuno ku Harare aliyense amakhoma bedi ndi sofa, koma mu mzere mwathu amene ali ndi makina osema maluwa pa hedibodi ndi pa zitseko ndi a Zakaria okha. Makinawo anawagula ogwiritsidwa kale, ndipo samvera kompyuta ina iliyonse koma nkhalamba yomwe anabwera nayo, ya Windows XP, yachikasu ngati mano a wosuta fodya. Yara ndiye amajambula mapatani pa laputopu mu kaofesi ka kutsogolo, nkumawatumiza ku nkhalambayo ku shedi ya kuseri. Patani imodzi imamudyera masiku ndi maso omwe. Tsono mapatani omwewo anali atayamba kuoneka kutsidya kwa msewu, pa mabedi a Shingirai, amene anali atangogula makina ake. Tsamba ndi tsamba, duwa ndi duwa, mtengo wotsika.

Ndinapinda nsalu, nkumuuza Yara akhale pa tebulo. Ndinamangirira chitenje.

* * *

A Zakaria ndi mkulu wa mpingo. Makolo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito pa njanji. Salankhula mothamanga ngakhale denga litayaka.

"Mayi a Yara, bwerani muone nokha, kuti musadzati ndinamusemera mwana chinyau."

Ananditengera ku shedi, nkutembenuza kompyuta ija. Mabowo onse olowetsa fulashi anali omatidwa ndi guluu wa matabwa, wouma ngati mwala.

"Chaka chatha vayirasi inalowa ndi fulashi ya kasitomala, makina anagona. Ndinamata ndekha, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Intaneti kompyuta iyi siidziwa. Shedi ndimakhoma ine, kiyi ndimagona naye. Laputopu ili ndi pasiwedi, woidziwa ndi mwana wanu yekha, ine ndemwe sindiidziwa. Tandiuzani mayi, nyumba ili ndi khomo limodzi, katundu watuluka. Tifunse yani?"

"Funsani Shingirai."

"Ndinamufunsa. Akuti amagula kwa munthu wa mtundu wathu."

"Mtundu wathu ndi Yara yekha mu Harare muno?"

"Wa mtundu wathu wogwira kompyuta yanga ndi iye yekha."

Pamenepo anandigwira pakhosi. Koma ine pa msika sindichoka ndi mtengo woyamba.

"Ndipatseni mwezi."

"Mawa, mayi."

"Mwana munamuonera pa ubatizo inu nomwe. Mawa? Masabata awiri."

Anapukuta magalasi nthawi yaitali. "Loweruka masana. Likapitirira, musadzandidandaule."

Ndimawathokozabe chifukwa cha Loweruka limenelo. Wina akanaimba foni ine ndili chiimire. Potuluka chitenje changa chinakola kabokosi koyera kamene kanali pa soketi, timagetsi titatu tobiriwira tikuphethira. Ndinakatukwana, nkupitirira.

* * *

Woyamba kumufunsa anali Henrique, wa masofa, chifukwa shedi yake inatsamirana ndi ya a Zakaria ndipo palibe ntchentche imadutsa mu mzere iye osaiona. Ndi wa kwathu ku Angonia, tinawoloka malire chaka chimodzi tili ana, nthawi ya nkhondo. Mpaka lero amanditchula mana, kutanthauza achemwali. Ndiyenso mwini jenereta yaikulu. Magetsi akazima, mzere wonse umakoka waya kwa iye, aliyense nkuthirako dizilo wake. Ndi mmene timakhalira kuno.

"Epa, mana Augusta! Ndamva, ndamva. Mtima wanga wagawika pakati. Khalani apa, sofa iyi sinagulidwe."

"Achimwene, mudaonapo munthu wachilendo akulowa ku shedi kwa a Zakaria?"

"Palibe, mana. Mkulu uja ndi mwana wathu basi. Ndikanakonda ndikanaona wina, ndikulumbira pa manda a amayi." Ananditsegulira botolo la chakumwa chozizira, nkutsitsa mawu. "Mundimvere ine. Zapolisi mukuzidziwa, mwana wamkazi kugona m'selo si zinthu. Mkwezeni basi ya ku malire a Nyamapanda, akakhale kwa azakhali ake ku Tete mpaka fumbi litsike."

"Wothawa ndiye amakhala wakuba."

"Ine ndikungothandiza, mana. Tikiti ndikhoza kugula ine."

Ndinamwa chakumwa chake, ndinamuthokozanso.

* * *

Shingirai ndinamupeza akupaka vanishi pa duwa la mwana wanga. Iye amalankhula Chishona chothamanga ngati kondakitala wa kombi, koma timamvana.

"Aaa, mhamha vaYara! Maswera sei? Mwabwera ndi chibonga kapena ndi nsalu?"

"Wakugulitsa mapatani ndani?"

"Bizinesi ndi bizinesi, mhamha. Ine ndimagula, sindifunsa nkhuku kuti dzira yaikira pati."

"Veleveti yotuwa ija, imene makasitomala ako a ku Warren Park amailirira, umaipeza kwa yani?"

Anasiya kupaka. "Kwa inu."

"Wina ali nayo mu kompulekisi muno?"

"Mhamha, musatero."

"Ndatero kale. Uzikutira mabedi ako ndi matumba a feteleza."

Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, kenako anatulutsa foni.

"Nkhope sindinaione, Mwari akundiona. Ndi nambala chabe, yopanda dzina, yopanda chithunzi. Amatumiza mafayilo pa WhatsApp. Ndinati wa mtundu wanu chifukwa Chishona chake ndi chopunduka ngati chanu, musakwiye."

"Yara anabadwira ku Glen View konkuno. Chishona amakuposa iweyo."

"Izo sizanga. Onani apa, ndinamufunsa ngati pali zatsopano."

"Werenga. Ine sukulu ndinaionera pa windo."

"Akuti, mira magetsi aende. Dikira magetsi azime."

"Anatero kamodzi?"

"Nthawi zonse. Magetsi akakhalapo, foni ili duu. Akazima, lisanalowe dzuwa katundu wafika. Ine ndinkati mwina ndi mfiti."

Ndinamusiyira lonjezo la veleveti, ndipo ndinamupatsadi, chifukwa mawu atatu amenewo ndiwo anandipatsa pogwira. Powoloka msewu kombi inatsala pang'ono kundigunda, mutu uli kwina. Yara laputopu amakhala nayo tsiku lonse, ili ndi batire lake. Akanafuna kuba, akanadikiriranji magetsi kuti azime?

* * *

Amene analumikiza laputopu ndi nkhalamba ija ndi Gamuchirai, wokonza mafoni ndi makompyuta m'tauni. Yara atamuimbira, anatseka kauntala yake nkukwera kombi, chikwama cha zida kudzanja, khanda kumsana. Amayi ake ndi a kwathu, ndiye ali ndi Chichewa chopindika cha ana obadwira kuno.

"Mhamha, mundigwirire uyu. Akalira mumuvinitse, amakonda phokoso la makina."

Anakhala pa kompyuta yakale, kudina apa, kudina apo. A Zakaria anaima kumbuyo kwake manja ali kumsana. Iye amawatchula sekuru, agogo m'Chishona.

"Guluu mwamata bwino, sekuru, apa sipanadutse kanthu. Koma foda ya mapatani ikadali yotsegukira aliyense. Ndinakuuzani tiike pasiwedi."

"Ndinati pa waya pali ife tokha. Pasiwedi ndikaiwala, ntchito iima."

"Waya wake uti?" ndinalowerera ine. "Kuchoka ku ofesi kufika kuno ine sindikuona waya."

Gamuchirai analoza kabokosi kaja kanandikola chitenje. "Waya ndinakoka poyamba, makoswe anaudya. Ndinakokanso, anaudyanso. Ndiye sekuru anagula timabokosi iti tiwiri, kena kali ku ofesi. Timayendetsa mafayilo mu waya wa magetsi womwewu wa m'khoma."

"Mapatani amayenda m'magetsi?"

"Eya, mhamha."

"Nanga magetsi akazima?"

"Timazimitsa switchi yaikulu, nkulumikiza shedi ndi ofesi ku jenereta," anayankha a Zakaria. "Ngati aliyense mu mzere muno."

Gamuchirai anatembenuka ndi mpando womwe. "Jenereta yanu?"

"Ya Henrique. Ya tonse."

"Maiwe, sekuru! Zimenezo simunandiuze." Anagwira mutu. "Ndiye kuti magetsi akazima, waya wanu si wanunso, ndi wa mzere wonse. Timabokosi iti timachoka kufakitale tili ndi kiyi wofanana. Wina akalumikiza kake pa jenereta yomweyo, walowa m'nyumba mwanu. Laputopu zatsopano zimakana kulankhula ndi XP, ya Yara ndinachita kuikakamiza. Koma wokhala ndi yakale, ngati ya Windows 7, angotsegula netiweki, aiona kompyuta yanu ili poyera, chitseko chili pululu."

Ine ndinati ndivine ndi khanda lomwe. A Zakaria anandithira madzi ozizira.

"Kutheka nkutheka, koma umboni uli kuti? Mashedi okoka pa jenereta ija ngambiri. Loweruka likadali Loweruka."

"Musakonze kanthu," ndinamuuza Gamuchirai. "Chitseko chikhale chomwecho. Khoswe sagwidwa ndi msampha wopanda nyambo."

Tsiku lomwelo ndinayenda mzere wonse ndikudandaula mokweza kuti a Zakaria ndi munthu woipa, amugwiritsa mwana wanga ntchito yojambula chitseko chachikulu cha tchalitchi, mphesa ndi nkhunda, patani yoti sinaonekepo mu Harare, kenako akufuna kumumangitsa. Ndinadandaula kwa ogulitsa misomali, kwa osoka makushoni, kwa Henrique yemwe. Bodza munalibemo. Chitsekocho Yara anali atachimalizadi.

* * *

Magetsi a kuno amazima ngati ali ndi mangawa nafe. Sabata imeneyo anakana. Mmawa ali ngwee, masana ali ngwee. Anthu akuyamika Mulungu, ine ndikupempha Mulungu yemweyo kuti awazimitse. Gamuchirai ankabwera mmawa uliwonse nkukhala pa thabwa ndi khanda lake, kauntala yake m'tauni ili chitsekere. Ndikati, mwana iwe ukuluza makasitomala, ankangoti, "Ndinalumikiza ndine, mhamha. Ndiona mapeto ake."

Loweruka masana anafika wapolisi, Konstabo Ruvarashe, mayi wamfupi wosaseka. A Zakaria mawu awo sabweza.

"Yara ndi uti? Tenga laputopu, tiye ukalembe sitetimenti."

"Amai, tadikirani pang'ono," ndinatero.

"Ndidikire chiyani?"

"Magetsi azime."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Gamuchirai anayesa kufotokoza, iye anangokweza dzanja. Yara anatseka laputopu, anaipereka, anavula epuloni. Anthu a mu mzere anali atasiya nyundo, akusuzumira. Mwana wanga anatuluka pakhomo mutu uli pansi, wapolisi kumbuyo kwake.

Pomwepo macheka onse a mu kompulekisi anatsitsa mawu pamodzi, nkuti zii.

Ndinamugwira wapolisi pa mkono. Ndikudziwa saloleza. "Mwana wanga, ndili ndi msinkhu wa amayi ako. Khala pa mpando apa, laputopu uigwire iwe mwini, isatsegulidwe. Ngati palibe chioneke, ndikuperekeza ndekha."

Anayang'ana dzanja langa mpaka ndinalichotsa. Kenako anakhala, laputopu pa miyendo. Mulungu amudalitse kumene ali.

Jenereta inabangula. Anthu anayamba kukoka mawaya awo ngati masiku onse. A Zakaria analumikiza shedi, nkuyatsa nkhalamba ija. Imadzuka ngati munthu wa nyamakazi. Inalira kanyimbo kake, inaganiza, inaganizanso. Gamuchirai anatsegula pamene pamaonetsa alendo olowa mu foda. Panali mbee.

"Amai, ine ndili ndi milandu ina," anatero wapolisi.

"Taonani!" Gamuchirai anagunda galasi ndi chala. Panali patatuluka mzere umodzi. "Mlendo uyo. Watsegula chitseko cha tchalitchi, akukopera."

Wapolisi anayang'ana laputopu yotseka pa miyendo pake, anayang'ana Yara amene anali chiimire manja ali lende. Anaimirira.

"Ndani?"

"Dzina palibe, ndi manambala chabe. Koma dikirani." Analemba timawu pa windo lakuda, mizere nkuyamba kutsika umodzi umodzi. "Ndaiuza kompyuta izimuitana osaleka. Mzere uliwonse ndi iye akuvomera. Waya wake ukazulidwa, asiya kuvomera."

Zimenezo sizinafune sukulu. Ndinamuuza Yara andiimbire foni asadule, ine nkuthamangira kuseri.

* * *

Jenereta imakhala kuseri kwa shedi ya Henrique, pambali pake pali thabwa la masoketi, mawaya ali piringupiringu ngati matumbo a mbuzi. Wa a Zakaria ndinkaudziwa, ngofiira. Ndinazula wakuda woyandikana nawo. Chopalira matabwa cha munthu wina chinafa pakati pa thabwa.

"Ndiani uyo? Ndikuthyola manja!"

"Bwera uthyole, wapolisi ali pano! Yara, bwanji?"

"Akuvomerabe, mhamha."

Ndinabwezera, nkuzula wina. Makina osokera a mayi wa makushoni anaima, iye nkuyamba kutchula makolo anga.

"Akuvomerabe."

Wina. Wailesi ya ogulitsa misomali inadukira pakati pa nyimbo.

"Akuvomerabe, mhamha, fulumirani, watsala pang'ono kumaliza!"

Panatsala woyera, woonda, umene sunkapita ku mzere. Unkalowa pansi pa lata, m'kachipinda ka kuseri ka Henrique. Dzanja langa linaima. Munthu amene tinadya naye mango osapsa pa msewu wothawa nkhondo. Ndinazula.

"Wasiya! Mhamha, wasiya kuvomera!"

"Bwezerani," anatero wapolisi, amene anali atanditsatira. Ndinabwezera. Tinadikira.

"Wayambanso!"

Konstabo Ruvarashe sanagogode pa kachipinda kaja. Henrique anali atakhala pa chimango cha sofa, laputopu yakale pa maondo, kabokosi koyera kakuphethira pa soketi pafupi ndi phazi lake. Anaitseka msanga. Wapolisi anaitsegula. Mphesa ndi nkhunda za mwana wanga zinali pa galasi.

"Mana Augusta, mundimvetse. Kabokosi ndinagulira kamera yolondera shedi, ndikulumbira. Nditalumikiza, kompyuta ya mkuluyu inangotulukira yokha. Sindinathyole loko. Chitseko chinali chotsegula, mana!"

"Ndi tikiti ya ku Nyamapanda inatulukiranso yokha?"

Wapolisi anatenga foni ya Henrique, anapezamo simu yachiwiri ndi mauthenga onse a Shingirai. Pomutulutsa, anthu atadzaza mpata wonse, Henrique anapotoloka nkukanikiza batani lozimitsa jenereta.

"Ndi yanga. Aliyense akagule yake."

Mzere wonse unakhala chete, moti nkhunda za padenga zinkamveka kuyenda.

* * *

Gamuchirai ndinamupeza akumanga khanda kumsana, akuwauza a Zakaria kuti magetsi akabwera adzasintha kiyi wa timabokosi ndi kuika pasiwedi, afune asafune. Ndinagwada mu utuchi, nkumuwombera m'manja monga amachitira kwawo kwa bambo ake.

"Mhamha, dzukani, mundichititsa manyazi!"

"Ukhale chete. Maondo ngwanga."

A Zakaria anavula chipewa, nkumuyandikira Yara pakona ya shedi. Anayamba ndi mawu a pansi pansi.

"Mwana wanga, munthu amalakwa. Lolemba ubwere ku ntchito, tiiwale."

"Iyayi, bambo," ndinatero ndikudzuka. "Wakuba munamutchula pakhomo, anamva mpaka ogulitsa misomali. Simubweza m'kona. Tiyeni panja, kulibe jenereta, kulibe macheka, simudzapezanso mpata wabwino ngati uno."

"Mayi a Yara, ndine munthu wamkulu."

"Ndiye mawu anu amveka patali."

Anandiyang'ana, anayang'ana Yara. Kenako anatuluka, nkuima pakati pa mzere chipewa chili pa chifuwa. Pa ichinso ndimawalemekeza.

"Abale anga, Yara mwana wa Augusta sanandibere. Ndinamunamizira. Chitseko ndinasiya chotsegula ndine."

"Kwezani, a kutsidya sanamve."

Anakweza, mawu a pa guwa enieni, mpaka mitsempha ya m'khosi inaoneka. Kutsidya kwa msewu kunamveka Shingirai akukuwa, "Tazvinzwa, sekuru! Tamva!"

Yara anatola epuloni yake, anaikung'untha, anaivala. Ku ofesi pali njira yachidule ya kuseri. Iye anadutsa pakati pa mzere, pang'onopang'ono, akupatsa moni aliyense ndi dzina lake.